Kodi Thukuta Limatsuka Makrisipi?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo, magolosale a m'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa ku Kasungu amasintha nkhope. Pawaya wa pazenera, pomwe mu Januwale pankalendewera timatumba ta mchere ndi ta sopo waufa tokha, pamadzaza timapaketi tonyezimira: Kamba, majigisi, makrisipi a mbatata ya kachewere. Ogula ambiri si anthu a m'maofesi ayi. Ndi anyamata ochokera kugalaundi nsapato za mpira zili pakhosi, akabaza amene akhala akupalasa chiyambire m'mamawa, atsikana a ntchemberembaye, ndi aganyu amene angomaliza kudinda mabelo pajeke. Wina akati awachenjeze, yankho limakhala lili pamlomo kale: "Ife timakhetsa thukuta, akulu. Zimenezi zimapsa zonse. Kauzeni okhala pampando."

Yankho limeneli si lachibwana, ndipo wofuna kulitsutsa ayambe wavomereza pamene lalondola. Lalondola pa nkhani imodzi, ya kunenepa, ndipo ngakhale pamenepo limalondola kwa nyengo chabe. Zina zimene zili m'kapaketi kaja, ndi zina zimene mulibemo, thukuta silizifikira.

Titsegule paketiyo. Mbatata ya kachewere ya ku Dedza kapena ku Ntcheu mukaiwiritsa, magalamu 100 amakupatsani makalori osafika 90, poti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mbatatayo ndi madzi. Kufakitale amaidula tizidutswa topyapyala kwambiri n'kutiponya m'mafuta otentha mpaka madzi onse atatuluka, ndipo malo amene madzi asiya amalowamo mafuta. Akathiranso mchere ndi zokometsera, magalamu 100 omwe aja amakhala ndi makalori pafupifupi 530, kuchuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mbatata yowiritsa. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta okhaokha. Mchere umaposa galamu imodzi, pamene zomanga thupi zimangokwana magalamu 6 kapena 7. Kamba ndi majigisi ndi za ufa wa chimanga wofufumitsa ndi makina, wopakidwa mafuta, mchere ndi mtundu, ndipo pa makalori sizitalikirana ndi makrisipi.

Tsono tiwerengere mnyamata wa makilogalamu 60. Akathamanga kilomita imodzi amatentha makalori pafupifupi 60. Kapaketi kakang'ono ka magalamu 30 kali ndi makalori ngati 160, ndiye kuti makilomita atatu okha akafafaniza. Bambo amene akuunga mizere ya fodya kuyambira tambala woyamba, kapena wakabaza wonyamula munthu ndi thumba la chimanga pamsewu wamchenga, thupi lake lingathe kudya makalori oposa 3,000 patsiku. Kwa iyeyu kapaketi kamodzi n'kadontho. WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limalangiza munthu wamkulu kuti azigwiritsa thupi ntchito yotulutsa kathukuta kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Mayi wa kwa Lukwa amene amatunga madzi kumjigo, kusenza nkhuni ndi kupalira kumunda amakwanitsa mphindi zimenezi sabata isanafike pakati. Ndipo kulimbitsa thupi pakokha kumateteza mtima, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino shuga, kumatsitsako kuthamanga kwa magazi, ngakhale munthu asatsike pasikelo. Choncho amene amasewera mpira n'kumadyako makrisipi mwa apo ndi apo ali pabwino kuposa mnzake amene sadya makrisipi koma sadzuka pamkeka. Apa palibe chotsutsa.

Vuto limayamba ndi mawu akuti "kamodzi". Makrisipi anapangidwa mwakuti munthu asalekere panjira. Mchere uli pamwamba penipeni pomwe lilime limayamba kukhudza, kukhukhuluza kwake n'kokoma kukhutu, ndipo akalowa m'kamwa amasungunuka msanga mimba isanadziwe kuti yalandira kanthu. M'kafukufuku amene anatuluka mu 1995, Susanna Holt ndi anzake a pa yunivesite ya Sydney ku Australia anapatsa anthu zakudya 38 zosiyanasiyana, chilichonse cha makalori ofanana, n'kumawafunsa mmene akukhutira kwa maola awiri. Chimene chinakhutitsa kuposa zonse chinali mbatata ya kachewere yowiritsa, katatu kuposa buledi woyera. Makrisipi, ochokera ku mbatata yomweyo, anagwa pansi pa bulediyo. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2019, Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 pamalo amodzi kwa mwezi wathunthu: masabata awiri amadya zakudya za m'mapaketi zokonzedwa kwambiri kufakitale, masabata awiri enawo zophika kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo aliyense amadya mmene wafunira. Pa masabata a zakufakitale aja anthuwo ankadya makalori owonjezera pafupifupi 500 patsiku, ndipo anakwera pafupifupi kilogalamu imodzi. Kafukufuku wina wa ku Harvard wa mu 2011, amene anatsatira anthu oposa 120,000 kwa zaka zambiri, anapeza kuti mwa zakudya zonse zimene anaziunika, makrisipi ndiwo ankayendera limodzi kwambiri ndi kunenepa kwa pang'onopang'ono. Anthu amenewo anali Achimereka ogwira ntchito zachipatala, osati alimi a fodya, koma mimba ya munthu imamva kukhuta mofanana kulikonse. Paketi yaikulu ya magalamu 125, ija imagulidwa m'masitolo a paboma, ili ndi makalori oposa 650. Kuti mnyamata uja ayifafanize afunika makilomita 11, mtunda umene osewera pakati m'matimu akuluakulu amathamanga m'masewero athunthu. Chonsecho paketiyo imatha ali chiimirire, ndipo akafika kunyumba nsima adyabe.

Pali chinanso chimene ofufuza azindikira. Herman Pontzer anayeza mphamvu zimene thupi limagwiritsa patsiku pakati pa Ahadza a ku Tanzania, anthu amene amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku posaka nyama, uchi ndi mizu. Zotsatira zake za mu 2012 zinadabwitsa ambiri: poganizira kukula kwa thupi, Mhadza amatentha makalori osasiyana kwenikweni ndi munthu wa mumzinda ku America kapena ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likazolowera ntchito yambiri limapeza pena pochepetsera. Akatswiri akadakambirana kukula kwa kuchepetsako, koma phunziro lake n'lomveka: mawerengero aja a kilomita ndi makalori ndi oyerekeza, ndipo nthawi zambiri amakomera wodya.

Koma kwa ine, chimene chimagwetsa yankho la thukuta kuno kuchigwa cha fodya ndi kalendala ya fodyayo. Ntchito yowawa imayamba ndi kuthirira nazale m'dzuwa la Okutobala, makheni awiri m'manja. Kenako kuunga mizere, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kubandira, kudula mitu, kuthyola tsamba ndi kulisoka mpaka usiku, kulikweza m'chigafa. Miyezi imeneyi, makamaka Januwale ndi Febuluwale, ndiyo nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo ndalama kulibe. Palibe amene amagula makrisipi nthawi imeneyo. Thupi limagwira ntchito yaikulu ndi chakudya chochepa. Ndalama zimabwera mabelo akagulidwa, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene khasu lapachikidwa ndipo ntchito yatsala ndi yokhala pansi, kusankha tsamba ndi kudikira kumsika. Ndiye kuti timapaketi timachuluka nthawi yeniyeni imene thukuta lachepa. Munthu amadziona ngati wantchito yolimba chaka chonse, ndipo sakunama, koma thupi siliwerenga thukuta la mu Disembala podya za mu Juni.

Zomwezo zimachitika pa moyo wonse. Wakabaza wanjinga yakapalasa akasonkha ndalama n'kugula yamoto, makasitomala ndi omwewo, msewu ndi womwewo, siteji ndi yomweyo ndi chiwaya chake pambali, koma miyendo yasiya kugwira ntchito. Wosewera mpira akafika zaka makumi atatu n'kuvulala bondo amasiya kuthamanga tsiku limodzi, pamene chizolowezi cha pakamwa chimatenga zaka kuti chisinthe. Mimba zambiri zimene timaziona pa amuna amene kale anali othamanga zinayamba motero.

Nkhani ya mchere njofunika kuiyendera mosamala, chifukwa pali kukokomeza mbali zonse ziwiri. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza. Kapaketi kakang'ono ka makrisipi kali ndi mchere wosafika theka la galamu, wofanana ndi wa m'chidutswa chimodzi cha buledi. Amamveka amchere kwambiri chifukwa mcherewo uli pamwamba. Kunena zoona, mchere wambiri umene anthu a kwa Lukwa amadya suchokera m'mapaketi amenewa. Umachokera m'dzanja la wophika ndiwo, m'kambale ka mchere kamene kamakhala pambali pa nsima, m'timabulo tokometsera ndiwo, m'tizokometsera ta m'mapaketi a soya pisi, ngakhalenso mu soda wothira m'therere ndi m'masamba, amene naye ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Makrisipi amabwera kudzasanjikiza pamwamba pa mulu umene wakwana kale. Paketi yaikulu imodzi ingathe kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mchere wa tsiku lonse.

Anyamata amati mchere umatuluka ndi thukuta, ndipo umatulukadi. Onani malaya a wakabaza madzulo, mizere yoyera kumsana ndi m'khwapa. Lita imodzi ya thukuta imachoka ndi mchere wa magalamu awiri kapena atatu mwa anthu ambiri, ngakhale anthu amasiyana kwambiri, ndipo thupi lozolowera kugwira ntchito padzuwa limaphunzira kuumira mchere, thukuta lake n'kukhala losawawa kwambiri. Munthu wothirira nazale tsiku lonse mu Okutobala amafunadi mchere woposa wa mphunzitsi wa m'kalasi, koma ndiwo zake za masana ndi zamadzulo zimamubwezera wonse. Wosewera mpira kawiri pasabata alibe ngongole ya mchere yoti alipire ndi paketi. Chimene thupi lake likulira akatuluka m'bwalo ndi madzi. Makrisipi amawonjezera ludzu, ndipo ludzu la pagolosale kawirikawiri limathera pa botolo la zakumwa za shuga kapena pa mowa.

Amene akuganiza kuti BP ndi matenda a mabwana onenepa ayang'ane zimene unduna wa zaumoyo ndi WHO anapeza m'kafukufuku wa STEPS mu 2009, atayeza Amalawi oposa 5,000 a zaka 25 mpaka 64. Osagwiritsa thupi ntchito mokwanira anali osafika 10 pa 100 alionse. Kumidzi anali ochepa kuposa pamenepo. Komabe pafupifupi 33 pa 100 alionse anapezeka magazi awo akuthamanga mopitirira muyezo, amuna kuposa akazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, amene anaphatikizamo achinyamata kuyambira zaka 18, anapeza chiwerengero chotsikirapo, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi awiri, ndipo kumudzi sikunasiyane kwambiri ndi mumzinda. Tengani chiwerengero chimene mungafune, mfundo ndi imodzi: dziko la anthu olima ndi khasu, oyenda pansi, opalasa njinga, lili ndi BP yambiri. Kukangalika kumaichepetsa koma sikuitseka pakhomo. Munthu wowonda, wa akatumba, wonyamula belo yekha, angathe kugwa ndi sitiroko m'munda.

Pa mafuta, funso lagona pa mmene atenthedwera. Tchipisi cha pachiwaya n'chonenepa kuposa makrisipi, choncho pa galamu iliyonse chimamwa mafuta ochepa, koma mbale yake njaikulu ndipo makalori ake angapose a paketi yaikulu ija. Chodetsa nkhawa ndi mafuta amene atenthedwa kuyambira m'mawa, kuwonjezeredwa pamwamba, kugona, n'kutenthedwanso mawa. Mafuta otere amada, amachita thovu, amatuluka utsi msanga, ndipo amakhala atasweka n'kupanga zinthu zimene zimavulaza mitsempha ya magazi. Sindiimba mlandu okazinga. Mtengo wa mafuta ophikira wakwera kwambiri zaka zapitazi ndipo kutaya mafuta a dzulo n'kutaya phindu lonse. Koma wogula ali ndi maso, ndipo kuthamanga kwa mawa sikukonza mafuta amene alowa lero. Palinso acrylamide, amene asayansi a ku Sweden analengeza mu 2002 kuti amapangika mbatata kapena ufa ukakazingidwa pamoto woposa madigiri 120. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa inamuika m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, potengera zimene zinaoneka pa nyama, koma kafukufuku wamkulu pa anthu sanaonetse poyera kuti muyezo wa m'zakudya umadwalitsa. Amachuluka pamene chakudya chapsa mpaka kuda, ndiye tizidutswa topserera tija ndi tosiya.

Kumene mtima wanga umawawa kwenikweni ndi pa zimene paketi imalanda. Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuti CAN yekha, popanda Super D pansi, sangakupatseni tsamba lolemera pasikelo. Thupi logwira ntchito nalo silikhala ndi makalori okha. Minofu imene yang'ambika pang'onopang'ono pothamanga kapena pokoka khasu imafuna zomanga thupi kuti ibwerere mwakale. Magazi amafuna ayironi. Mafupa amafuna kashiyamu. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima yatipatsa kale gulu loyamba mokwanira. Makrisipi amangobwereza lomwelo n'kuwonjezapo mafuta, pamene magulu anayi amene amasowa m'mbale zathu amakhala osakhudzidwa. Kwa munthu wa mumzinda wa ndalama zambiri, paketi ndi chowonjezera pa chakudya chokwana kale. Kwa tenanti kapena waganyu, ndalama imene yapita pa paketi ndi dzira limene silinagulidwe, ndi kamulu ka usipa kamene katsala pamsika.

Ndipo zonsezi zikuchitika ku Kasungu, kwawo kwa mtedza. Chalimbana ndi CG7 zimamera m'minda yomweyi mosinthana ndi fodya. Mtedza wokazinga magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 570, oposa a makrisipi, kutanthauza kuti wofuna mphamvu zambiri m'chakudya chochepa wazipeza. Koma ulinso ndi magalamu 25 a zomanga thupi, kanayi kuposa makrisipi, ndipo mafuta ake ndi aja okomera mtima. Umafuna kutafuna, umakhala m'mimba, ndipo mchere mumathira nokha mmene mukufunira kapena osathira n'komwe. Futali wa mbatata ya kholowa ndi nsinjiro, chigumu, nthochi ziwiri, chimanga chootcha, chikho cha thobwa pakati pa ntchito: makolo amene ankalima maekala ndi manja anazipeza kalekale zakudya za munthu wothukuta. Chenjezo limodzi pa mtedza ndi chuku. Poizoni wa aflatoxin amene chukucho chimasiya amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mtedza wofota, wakuda m'kati kapena wowawa ndi wotaya, osapatsa ana kapena kusinja nsinjiro, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa n'chimene chimaitana chukucho.

Kwa osewera, nthawi yodyera ilinso ndi kanthu. Chakudya chamafuta chimachedwa kuchoka m'mimba, ndiye paketi kapena mbale ya tchipisi yodyedwa mpira utatsala pang'ono kuyamba imalemera m'chifu ndipo ena imawapatsa chilungulira ali m'bwalo. Nsima kapena phala maola atatu mpira usanayambe, nthochi ndi madzi nthawi ikayandikira, kenako nsima ya nyemba, mazira kapena nsomba mukatha: zimenezi n'zimene miyendo imagwiritsa.

Ana ndiwo sindingawalekerere. Mwana amathamanga tsiku lonse, ndipo kholo lingaganize kuti kwa iye majigisi alibe vuto. Kunenepa sindiko kuopsa kwa mwana wa kumudzi kuno. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Akadya timapaketi tiwiri pochokera kusukulu, zala zili psuu ndi mtundu, pofika nthawi ya nsima amangotola pang'ono n'kuthawira kosewera, ndipo nyemba ndi masamba zimene zikanamukulitsa zimatsala m'mbale. Lilime lake nalonso likuphunzira kuti chokoma ndi chamchere wambiri, ndipo phunziro limenelo adzakula nalo. Kumugulira tsiku la msika kapena la Khirisimasi si mlandu. Kumupatsa ndalama ya majigisi m'mawa uliwonse m'malo mwa mbatata yootcha kapena mtedza m'thumba, kumeneko ndiye kumulanda.

Ndiye yankho langa kwa wothamanga, wopalasa ndi wolima ndi ili. Kapaketi kakang'ono kamodzi kapena kawiri pasabata, mutadya kale chakudya chenicheni, sikangakupwetekeni, ndipo palibe chifukwa chodziimba mlandu. Kakasanduka chakudya chamasana cha tsiku ndi tsiku, kapena paketi yaikulu yotsikira ndi botolo la shuga, thukuta lanu silikukwanira kulipira, makamaka miyezi ya ndalama pamene khasu lapuma. Amene anauzidwa kale kuti ali ndi BP, shuga kapena vuto la impso, komanso amene kholo lawo linafa ziwalo ndi sitiroko, iwowa mchere wa m'paketi ndi wa m'kambale awuchepetse ngakhale atakhala othamanga chotani.

Ambiri mwa anyamata amphamvuwa sanayezetsepo BP chibadwire, poti kuchipatala amapitako akavulala basi, ndipo matendawa sapweteka mpaka atawononga. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa: lamba pamkono, kupopa, manambala awiri. Akamafika 140 pa 90 kapena kuposa pa masiku osiyana, munthu afunika kuonana ndi achipatala. Okonza mabonanza a mpira m'midzi ya kwa Lukwa, amene amatha kupeza yunifolomu ndi mbuzi ya opambana, angathenso kupempha azaumoyo a pachipatala chapafupi kuti abwere ndi makinawo n'kuika tebulo pambali pa galaundi, kuti osewera ndi oonerera omwe ayezetse masewero asanayambe.